Msuzi Si Ndiwo: Mwana Adye Masamba ndi Zipatso

Phunziro lino ndi la aliyense amene amagwira mbale ya mwana: amayi, abambo, agogo, azakhali, ngakhalenso atsikana amene amatsala ndi mwana pakhomo makolo akapita kumunda. Tiliwerenge pang'onopang'ono. Amene wayamba kudziwa zilembo awerengere mnzake amene sanafike pamenepo, ndipo pomaliza tikambirane tonse.

Tiyambe ndi chinthu chimene timachiona tsiku ndi tsiku. Nsima yapsa, ndiwo ndi nkhwani kapena mpiru. Akuluakulu akutapa masamba. Mwana wa chaka chimodzi amutemera kambamu, akuviika mumsuzi, akumupatsa. Mwana wadya, wakhuta, wagona. Tonse timati mwana wadya ndiwo. Koma masamba aja alowa m'mimba mwa akulu. Chimene chalowa m'mimba mwa mwana ndi ufa, madzi ndi mchere.

Msuzi umatenga kakomedwe ka ndiwo ndi zabwino zina pang'ono. Zambiri zimene thupi la mwana likufuna zimatsala m'tsamba lenilenilo. Mwana asanameze tsambalo, sanadye ndiwo.

Njala ya mwana wokhuta

Njala ili mitundu iwiri. Ina timaidziwa tonse: nkhokwe ilibe kanthu, mwana akulira. Inayo siioneka msanga, chifukwa mimba ndi yodzaza. Mwana amadya nsima kapena phala tsiku lililonse, koma sakula monga anzake. Amadwaladwala. Chimfine chikabwera m'mudzi, woyamba ndi iye. Akatsekula m'mimba amatenga masiku ambiri asanachire.

Mu 2011 padachitika kafukufuku wa zaumoyo m'dziko lonse la Mozambique. Adapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5, ana 43 anali opinimbira, kutanthauza kuti msinkhu wawo unali wochepa poyerekeza ndi zaka zawo. Kafukufuku ngati yemweyo wa 2022 ndi 2023 adapeza ana 37 mwa 100. Chiwerengero chidatsika, inde, koma tiwerenge bwino: ndiye kuti pa ana atatu alionse, mmodzi kapena kuposerapo ndi wopinimbira. Zifukwa ndi zingapo. Pali matenda, madzi oipa, kubereka pafupipafupi, ndi umphawi. Koma chifukwa china chachikulu ndi chakudya cha mtundu umodzi wokhawokha. N'chifukwa chake ana opinimbira sapezeka kokha kumene kwagwa chilala. Amapezekanso m'midzi ya nkhokwe zodzaza.

Chimanga, mapira, chinangwa ndi mpunga zimapatsa mphamvu. Nyemba, nandolo, khobwe, mtedza, mazira, usipa ndi nyama zimamanga thupi. Masamba ndi zipatso zimateteza thupi ku matenda. M'menemo muli tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa mavitamini. Pa phunziro lino tigwire mayina atatu okha.

Loyamba ndi vitamini A. Ameneyu amasunga maso, khungu, ndi njira ya mpweya ndi ya chakudya m'kati mwa thupi, kuti tizilombo ta matenda tisalowe mosavuta. Mwana amene akumusowa amayamba kusaona bwino dzuwa likalowa. Amapunthwa, amapapasa mbale madzulo pamene anzake akuona. Zikapitirira maso amauma, ndipo mwana angathe kuchita khungu. Chikuku ndi kutsekula m'mimba zimapha msanga mwana wotere kusiyana ndi mnzake. Vitamini A timamuzindikira ndi mtundu. Ali m'masamba obiriwira kwambiri, ndi m'zakudya zachikasu kapena zofiirira m'kati: mango akupsa, papaya, maungu, karoti, ndi mbatata yachikasu.

Lachiwiri ndi ayironi, amene amapanga magazi. Mwana wochepa magazi amayera m'manja ndi m'zikope, amatopa msanga, safuna kusewera. Ayironi wambiri ali m'chiwindi, nyama ndi nsomba, koma alinso mu nyemba ndi m'masamba monga bonongwe ndi khwanya.

Lachitatu ndi vitamini C, amene ali m'malambe, magwafa, malalanje, manachesi, mandimu, masau ndi tomato. Ntchito yake imodzi ndi kuthandiza thupi kutenga ayironi wa mu nyemba ndi m'masamba. Tsono mwana akadya phala la masamba kapena nyemba n'kulandira kachidutswa ka lalanje kapena papaya, wapindula kawiri. Tiyi amachita zosiyana: amatsekereza ayironi. Mwana wamng'ono asapatsidwe tiyi.

Pano tinene mawu amodzi pa nkhani ya ulemu wa ndiwo. Ambiri a ife timaona chisoso, luni, bonongwe ndi denje ngati ndiwo za usiwa, zodya munthu akasowa pogwira. Mlendo akabwera timachita manyazi nazo, timathamangira kumsika kukagula kabichi. Kabichi si woipa ayi. Koma mutu wake ndi woyera m'kati, ndipo vitamini A ali nayo wochepa kwambiri poyerekeza ndi chisoso chimene tikuchizula m'munda n'kuchitaya pamzere. Timapereka ndalama kugula chochepa, chambiri tikuchiponda ndi mapazi.

Chifukwa chiyani mwana amalavula masamba?

Amayi ambiri m'makalasi athu amati: "Tidayesa, mwana adakana." Tikafunsa kuti adayesa kangati, yankho limakhala kamodzi kapena kawiri. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Mwana aliyense amabadwa wokonda zotsekemera, chifukwa mkaka wa m'mawere ndi wotsekemera. Amabadwanso wokayikira zowawa. Masamba ambiri ali ndi kakuwawa pang'ono, ena monga luni ndi mpiru ali nako kwambiri. Tsono mwana akalawa koyamba n'kukwinya nkhope, sakunena kuti sadzadya moyo wake wonse. Akungonena kuti ichi n'chachilendo. Ndiponso mwana wa miyezi 6 sanaphunzire kumeza chakudya cholimba. Lilime lake lidazolowera kuyamwa, ndipo limakankhira chakudya kunja lokha. Mayi amaona ngati mwana walavula dala, pamene mwanayo akungophunzira.

Akatswiri amene amafufuza za kadyedwe ka ana adapeza kuti mwana amafuna kulawa chakudya chatsopano kambirimbiri, mwina ka 8, ka 10, ena kuposa pamenepo, asanachilandire. Kulawa kwake n'kwa masiku osiyana, osati tsiku limodzi. Lero kasupuni kamodzi. Akakana, musiyeni. Mawa kapena mkuja mupatseninso. Tsiku lina mudzadabwa wameza osakwinya nkhope.

Ifenso tidaphunzira chimodzimodzi. Palibe adabadwa akukonda therere kapena tsabola. Tidaziona pamphasa tsiku ndi tsiku mpaka pakamwa padazolowera.

Kuphunzira kumeneku kumayamba mwana asanabadwe. Mu 2001 akatswiri a mumzinda wa Philadelphia ku America adafalitsa zimene adapeza. Amayi ena adawamwetsa madzi a karoti ali oyembekezera, ena ali kuyamwitsa, ndipo ena sadawamwetse. Ana aja atafika poyamba kudya, adawapatsa phala la karoti. Ana a amayi amene adamwa karoti sadakwinye nkhope kwambiri ngati enawo. Fungo la chakudya cha mayi limafika kwa mwana m'mimba ndi mumkaka. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akamadya nkhwani, chisoso ndi zipatso, akudzisamalira yekha ndiponso wayamba kale kuphunzitsa mwana wake.

Nthawi yabwino yophunzitsa ndi kuyambira miyezi 6 mpaka zaka 2. Pa msinkhu umenewu mwana amaika m'kamwa chilichonse chimene wagwira. Akafika zaka 2 kapena 3 amayamba kukayikira zachilendo, ndipo amadziwa kunena kuti "sindifuna". Amene adazolowera masamba ali wamng'ono savuta kwambiri. Amene adakulira msuzi wokha amavuta, komabe naye amaphunzira, kungoti zimafuna kupirira.

Phala la mwana

Miyezi 6 yoyamba mwana ayamwe bere lokha. Asapatsidwe madzi, phala, zipatso kapena mankhwala azitsamba. Mkaka wa mayi uli ndi zonse, ndi madzi omwe. Akakwanitsa miyezi 6 ayambe kudya, koma kuyamwa kupitirire mpaka zaka 2 kapena kuposa.

Mimba ya mwana ndi yaing'ono, imadzaza ndi kapu imodzi. Tikaidzaza ndi phala lamadzimadzi la ufa woyera, malo a zabwino atha. Phala la mwana likhale lolimbirako, loti mukapendeketsa supuni silikuyoyoka ngati madzi. Ufa wa mgaiwa uposa ufa woyera. M'phalamo muikemo supuni ya nsinjiro, kapena supuni yaing'ono ya mafuta ophikira. Kenaka muikemo masamba.

Kachitidwe kake n'kosavuta, ndipo sikafuna mphika wina. Pophika ndiwo za banja lonse, patulani masamba pang'ono musanathire tsabola ndi mchere wambiri. Asinjeni mu kamtondo koyera kapena aphwanyeni ndi supuni mpaka afewe, n'kuwasakaniza m'phala. Yambani ndi masamba osawawa: nkhwani zanthete, bonongwe, kholowa. Mpiru, chisoso ndi luni zibwere pambuyo. Tsiku loyamba kasupuni kamodzi n'kokwanira, mawa onjezerani. Dzungu lophika, mbatata yachikasu, nthochi yakupsa, papaya kapena peyala zimaphwanyika mosavuta, ndipo zimatsekemeretsa phala popanda shuga. Futali wofewa bwino ndi chakudya chabwino kwambiri cha mwana, chimene agogo athu adachidziwa kalekale.

Mwana wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku. Ayambe ndi masupuni aakulu awiri kapena atatu, muzionjezera mpaka afike theka la kapu. Wa miyezi 9 mpaka 11 adye katatu kapena kanayi, theka la kapu nthawi iliyonse, ndipo chakudya chikhale choduladula tizidutswa ting'onoting'ono, osati chosinja kwambiri. Ameneyu angathe kugwira yekha kachidutswa ka nthochi kapena ka dzungu. Msiyeni agwire, adzipake, ndi mmene amaphunzirira. Wa chaka chimodzi mpaka zaka 2 adye chakudya cha banja katatu kapena kanayi, pafupifupi kapu yodzaza, ndi chipatso pakati pa chakudya.

Mwana akhale ndi mbale yakeyake. Kudyera pamodzi ndi mwambo wabwino, sitikuutsutsa. Koma pambale ya ana asanu, wamng'ono amagonja. Manja ake ndi ochedwa. Pamene iye akutafuna mbamu yoyamba, akulu ake amaliza ndiwo, ndipo iye watsala ndi msuzi uja. Akhale pamphasa yomweyo ndi anzake, koma ndiwo zake zikhale m'kambale kake, kuti mayi aone ndi maso zimene mwana wadya ndi zimene wasiya.

Mtedza wa nsinjiro usankhidwe bwino. Wachuku, wofota ndi wowawa utayidwe, chifukwa chuku chimenecho chili ndi poizoni woononga chiwindi. Usasinjidwe n'kuikidwa m'phala la mwana poti ndi wotsala pogulitsa.

Mbatata yachikasu

Mbatata imene makolo athu adazolowera ndi yoyera m'kati. Imakhutitsa, koma vitamini A ilibe, kapena ili naye wochepa zedi. Pali ina imene ukaidula m'kati mwake muli ngati papaya wakupsa. Kambatata kamodzi kakang'ono ka mtundu umenewu, kolemera magalamu 125, kamakwanira vitamini A yense amene mwana wosayamba sukulu amafuna pa tsiku.

Dziko lathu lili ndi mbiri pa mbatata imeneyi. Madzi osefukira a mu 2000 ataononga minda kum'mwera, mbewu yake idagawidwa kwa mabanja ambiri. Pambuyo pake m'chigawo cha Zambézia mudachitika kafukufuku wa zaka ziwiri. Midzi ina idalandira mbewu ndi maphunziro a kadyetsedwe ka ana, ina sidalandire. Zotsatira zake zidafalitsidwa mu 2007: ana a m'midzi yolima mbatata yachikasu anali ndi vitamini A wambiri m'magazi kuposa enawo. Mitundu yoyamba inkavutika ndi chilala. Akatswiri a zaulimi, motsogozedwa ndi mayi Maria Andrade wochokera ku Cabo Verde, adagwira ntchito zaka zambiri muno mu Mozambique, ndipo mu 2011 mitundu 15 yopirira chilala idatulutsidwa kuti alimi azibzala. Mu 2016 mayiyu pamodzi ndi anzake atatu adalandira mphotho yaikulu ya padziko lonse yotchedwa World Food Prize.

Akuluakulu ena amadandaula kuti mbatata yachikasu ndi yofewa, siuma pakhosi ngati yoyera. Kwa mwana kufewako ndiye ubwino wake, ndipo ana amaikonda chifukwa ndi yotsekemera. Sitikunena kuti muzule yoyera. Patulani mizere ingapo ya yachikasu chifukwa cha ana. Funsani alangizi a zaulimi kumene mbewu ingapezeke, ndipo amene ali nayo agawireko anzake. Vuto lake lalikulu ndi kusunga mbewu m'chilimwe. Amene ali ndi dimba abzaleko pang'ono kumeneko, atchinge mbuzi, kuti mvula ikagwa mbewu ikhalepo. Masamba akenso ndi kholowa.

Pamoto

Masamba abwino angathe kuonongeka mumphika. Tikawaphika nthawi yaitali m'madzi ambiri mpaka asanduke akuda, n'kutaya madziwo, zabwino zambiri zapita. Tsukani masamba musanawadule, osati mutadula. Madzi akhale ochepa, ayambe awira, ndiye ikani masamba n'kuvundikira. Akafewa akadali obiriwira, apsa.

Soda ndi chidulo zimafewetsa ndiwo msanga ndi kusunga nkhuni, n'chifukwa chake timazikonda. Koma zimapha vitamini C ndi mavitamini ena. Tikudziwa kuti therere lopanda chidulo ambiri sangalilandire, ndipo sitikangana ndi agogo pa nkhani imeneyi. Koma nkhwani, bonongwe ndi mpiru sizifuna soda. Tcherani masamba anthete, sadzulani nkhwani bwino, zidzafewa zokha. Za mwana zipatulidwe soda asanalowe.

Vitamini A salowa bwino m'thupi popanda mafuta. Masamba owiritsa ndi mchere wokha amapatsa mwana zochepa. Ndiwo zotendera zimamupatsa zambiri, chifukwa mu nsinjiro muli mafuta. Apa mwambo wathu udalondola. Popanda mtedza, nthanga za maungu zokazinga ndi kusinja zimagwira ntchito yomweyo, kapena kadontho ka mafuta ophikira.

Chigwada chokha n'chosiyana ndi masamba ena. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka posinja ndi powiritsa. Asinjidwe bwino, awire nthawi yokwanira, mphika uli wosavundikira. Chigwada chosapsa chisapatsidwe kwa mwana, ngakhale kwa wamkulu.

Nanga m'chilimwe, masamba akasowa? Amene ali ndi madimba m'madambo a ku Angónia ndi Tsangano savutika kwambiri. Ena amadalira mfutso. Kufutsa ndi nzeru yabwino, koma dzuwa loomba mwachindunji limaononga vitamini A. Viikani masamba m'madzi owira kanthawi kochepa, kenaka yanikani pamthunzi podutsa mphepo, pa thandala kapena pa mphasa yoyera, kutali ndi nkhuku ndi fumbi. Akauma n'kukhalabe obiriwira, mwachita bwino. Asungeni m'chikwatu kapena mumtsuko wovundikira, pouma ndi pamdima. Mfutso wouma bwino ungasinjidwe n'kusefedwa, ukhale ufa. Supuni imodzi ya ufa umenewu m'phala, mwana sadziwa n'komwe kuti wadya masamba. Kumadera otentha a m'chigwa cha Zambezi, mtengo wa chammwamba umakula msanga, ndipo masamba ake amachita chimodzimodzi.

Zipatso ndi chakudya

M'midzi mwathu zipatso sitiziwerengera ngati chakudya. Timati ndi za ana, atola okha. N'zoona kuti mnyamata wa zaka 8 amakwera mumtengo wa mango n'kudya mpaka kukhuta. Koma mng'ono wake wa miyezi 10 ali kumsana kwa mayi. Sakwera mtengo, sapita kutchire kukatola masuku. Iye amene akufuna zipatso kuposa onse ndiye amene sazipeza, pokhapokha wamkulu atamubweretsera, kumusendera ndi kumuphwanyira.

Pali mawu amene timamva chaka chilichonse, akuti mango amadwalitsa malungo. Tiganize bwino. Mango amapsa mwezi wa Novembala, Disembala ndi Januwale. Mvula imagwa nthawi yomweyo, madzi amadikha m'maenje, udzudzu umaswana. Malungo amabwera ndi udzudzu, osati ndi mango. Zangokumana panjira. Mwana agone m'neti, ndipo mango adye. Chimene chimatsekula m'mimba ndi mango otola pansi osatsuka, oterapo ntchentche, odyedwa ndi manja akuda. Tsukani chipatso ndi madzi abwino, sambani m'manja ndi sopo, musambitsenso mwana m'manja.

Tikayang'ana chaka chonse, miyezi yopanda chipatso ndi yochepa. Mvula ikamayamba kuli masuku ndi mango, ndipo kumapiri kuli mapichesi. Mvula ikamatha kuli magwafa, mapeyala ndi maungu. M'nyengo yozizira kuli malalanje ndi manachesi. M'chilimwe madera otentha a Tete monga Changara amatulutsa masau, malambe ndi bwemba, ndipo zimenezi zimasungika miyezi yambiri zikauma. Nthochi ndi papaya zimapezeka pafupifupi chaka chonse.

Malambe tisawapeputse. Ufa wake uli ndi vitamini C wochuluka kuposa lalanje. Viikani m'madzi owiritsa amene azizira, chotsani nthanga ndi ulusi, ndipo thirani m'phala mutaliphula pamoto, chifukwa moto umapha vitamini ameneyu.

Pa zipatso pali ngozi imodzi yofuna maso: kutsamwa. Nthanga za masau, masuku, malambe, bwemba ndi malalanje zichotsedwe zonse mwana asanapatsidwe. Magwafa asendedwe, nthanga zichotsedwe, mnofu uphwanyidwe. Mtedza wathunthu ndi chimanga chokazinga si za mwana wosakwana zaka 3 kapena 4. Mwana adye atakhala pansi, wamkulu ali pafupi, osati akuthamanga. Uchi usapatsidwe kwa mwana wosakwana chaka.

Abambo, ndime ino ndi yanu. M'mabanja ambiri dimba ndi la bambo, ndipo tomato, karoti, repu ndi kabichi zonse zimakwera njinga kupita kumsika wa Ulónguè kapena kumalire. Pobwera, bambo wachikondi amagulira mwana mabisiketi, maswiti, tokhwasula ta m'mapepala ndi chakumwa cha m'botolo. Mwana amakondwa, amathamangira bambo ake. Koma taonani malonda amene achitika. Karoti wapita kukadyetsa ana a eni ake, ndipo kunyumba kwabwera shuga, mchere ndi utoto. Chakumwa cholembedwa chithunzi cha lalanje nthawi zambiri mulibe lalanje. Zinthu zimenezi zimatseka njala ya mwana, zimaononga mano, ndipo pakamwa pozolowera shuga wambiri pamakana nkhwani. Musanamange katundu wa kumsika, patulani gawo la ana. Pobwera, ndalama ya mabisiketi igule nthochi kapena manachesi. Mwana adzakuthamangiranibe.

Ntchito ina ya abambo ndi kubzala. Papaya amabereka pakatha chaka chimodzi kumadera otentha, kumapiri amachedwerako. Bzalani mitengo itatu kapena inayi pafupi ndi bafa, pamene madzi amatayikira, chifukwa ina imatuluka yaimuna yosabereka. Tchingani ndi minga kuti mbuzi zisadye.

Mwana akakana

Tisamutsine mphuno, tisamugwire manja n'kumuthira phala kukhosi. Kuteroko kungamutsamwitse, ndipo chakudya chingalowe m'mapapo. Tisamumenye, tisamuopseze ndi fisi kapena jakisoni. Mwana wodyetsedwa mokakamiza amadana ndi chakudyacho, ndipo akangoona supuni amayamba kulira. Tisamunyengererenso kuti "ukamaliza masamba ndikupatsa switi", chifukwa pamenepo tamuphunzitsa kuti masamba ndi chilango, switi ndiye mphotho.

Khalani naye maso ndi maso, muzimuyankhula, muzimutchulira dzina la chimene akudya. Mupatseni masamba poyamba, njala ikadalipo, asanakhute nsima. Akakana nkhwani zowiritsa, yesani zotendera. Akakana papaya wophwanya, yesani kachidutswa kogwira m'manja. Ndipo idyani inuyo iye akuona. Mwana amatsanzira. Bambo amene amakankha mbale ya masamba n'kunena kuti "ine si mbuzi" asadabwe mwana wake akachita chimodzimodzi. Ana okulirapo atengeni kukatchera ndiwo, asadzule nkhwani, athirire papaya wawo. Chimene mwana watchera yekha amafuna kuchilawa.

Mwana akadwala safuna kudya, koma ndi pamene thupi likufuna chakudya kwambiri. Muyamwitseni pafupipafupi, mumupatse pang'onopang'ono zofewa zimene amakonda, monga nthochi ndi phala. Wotsekula m'mimba asamanidwe chakudya kapena madzi. Akachira, muonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri kuti abweze thupi.

Kusikelo tisaleke mwana akangomaliza katemera. Kuyambira miyezi 6 mpaka zaka 5 mwana amalandira kadontho ka vitamini A miyezi 6 iliyonse, ndipo akakwanitsa chaka amalandiranso mankhwala a njoka za m'mimba. Kadonthoko kamathandiza, koma sikalowa m'malo mwa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Tsopano poti tikudziwa kuwerenga, titsegule khadi la mwana tione tokha ngati mzere wa kulemera kwake ukukwera. Ukaima kapena kutsika, tifunse anamwino kapena wa zaumoyo wa m'mudzi. Mwana akatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi likafiira n'kumathothoka, kapena akasiya kuona madzulo, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Za tsempho akuluakulu akambirane mwana ali kale m'manja mwa anamwino.

Ntchito ya m'kalasi

Aliyense atenge kope lake alembe miyezi 12 ya chaka, kuyambira Januwale mpaka Disembala, mwezi uliwonse pamzere wake. Pambali pa mwezi uliwonse alembe masamba ndi zipatso zimene zimapezeka m'mudzi mwathu muno mwezi umenewo, za kumunda, za kudimba ndi za kutchire zomwe. Amene dzina lamuvuta kulemba afunse mnzake. Agogo atithandize mayina a ndiwo zakutchire zimene achinyamata sitikuzidziwa.

Tikamaliza tione pamodzi: ndi miyezi iti imene yatsala yopanda kanthu? Tingafutse chiyani, tingabzale chiyani kuti mizere imeneyo idzaze?

Kenaka aliyense amene ali ndi mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 2 asankhe ndiwo imodzi yamasamba imene mwanayo sanadyepo kapena adaikana. Alembe dzina lake pamwamba pa tsamba latsopano. Tsiku lililonse limene wamulawitsa, alembe deti, ndipo pambali pake alembe mawu amodzi: "wakana", "walawa" kapena "wadya". Makope amenewa tibwere nawo pakatha masabata atatu.